Woyenda Patsogolo

Titabwerako ku kampu ya othawa nkhondo ku Malawi, mudzi wathu wa ku Mongue tinaupeza uli tchire lokhalokha. Njira ya kumunda inali itamera udzu wofika m'khosi, ndipo anthu ankachenjezana za mabomba okwirira. Bambo anaika lamulo la kayendedwe: achimwene anga patsogolo, bambo pambuyo pawo, kenako mayi, ine kumapeto. Aliyense aponde pomwe waponda mnzake.

Lamuloli linkandinyansa. Ine ndinali mwana wa sukulu, wodziwa kuwerenga zinenero ziwiri, pomwe achimwene anasiyira panjira. Nanga n'chifukwa chiyani iwo azitsogolera ngati mfumu, ine n'kumabwera ngati mchira? Ndinawapatsa dzina loti a Shefi, kutanthauza bwana. "Tiyeni a Shefi, tikutsatani!" Iwo ankangoseka, buluku litanyowa ndi mame mpaka m'chiuno. Dzinalo linakanirira, moti ngakhale akazi awo amawaitana choncho akawakwiyitsa.

Sukulu inandifikitsa ku Maputo, komwe ndinapeza ntchito mu labotale yoyeza poizoni wa chuku mu mtedza ndi chimanga. Makina ake amakankha madzi a zoyezedwazo kudutsa m'kapaipi kachitsulo kotchedwa koluna, kodzaza ndi ufa wosalala kwambiri, ndipo mmenemo ndi momwe zinthu zimalekanirana. Koluna ndi yosowa, ndiponso siichedwa kuwonongeka. Choncho kutsogolo kwake timamangirirako kena kakang'ono, kotalika ngati kachala, kotchedwa prekoluna. Kamodzi kotha ntchito ndinakamangirira ku makiyi anga, kungofuna kuoneka.

Chaka chomwe tinkafolera malata nyumba ya mayi, bambo atamwalira kale, ndinapita kumudzi. Masana ena tinakhala pakhonde tikuswa mtedza, achimwene n'kuona makiyi aja.

"Kachipolopolo aka n'ka chiyani?"

Ndinakonza kukhosi. Kunena zoona, ndinali nditadikira funso limeneli kuchokera tsiku lomwe ndinafika. Ndinafotokoza zonse monyadira, Chipwitikizi ndikuthiramo dala.

"Kameneka kamakhala patsogolo. Zinyalala zilizonse zikabwera, kamayamba kukumana nazo ndi iko, kuti koluna yeniyeni kumbuyo isavulale."

"Nanga kakatsekeka?"

"Timakataya n'kuika kena. N'kosavuta kupeza. Chofunika ndi chili kumbuyocho."

Achimwene anakatembenuza m'manja, n'kuseka pang'ono. "Oo! Ndiye ntchito imeneyi ndimaidziwa. Ndinaigwirapo."

Ndinaseka nawo, osamvetsa. Mayi ndi omwe anasiya kupeta, n'kundiyang'ana.

"Kodi iwe," anatero achimwene, "unkati ndinkayenda patsogolo chifukwa cha ukulu? Tinakambirana ndi bambo tisanawoloke malire. Iwo akanaponda bomba, tikanadya chiyani? Mayi ayi. Iwe unali ndi mutu wa sukulu. Ndiye tinaona kuti wotsala ndine."

Analankhula mopanda mkwiyo, uku akuponya mtedza m'lichero. Chimenecho ndicho chinandipweteka kwambiri. Akanandilalatira bwenzi ndili ndi poyankhira. Ndinachita manyazi oti nkhope ndinasowa poiika. Mawu anga aja, akuti timakataya n'kuika kena, anali akadali m'makutu mwanga, ndipo pakhonde panalibe woti andithandize kuwabweza. Ndinakumbukira buluku lonyowa lija, ndi mmene ankaimira kaye asanaponde, ine kumbuyo ndikufuula kuti a Shefi fulumirani, dzuwa likutentha.

"Bwanji simunandiuze?"

"Ukanatani? Ukanangolira njira yonse."

Anapempha kachitsulo kaja, ati akamangirire ku kiyi wa njinga. Ndinakamasula n'kuwapatsa.

M'mawa mwake tinanyamuka kupita kumunda kukadula mitengo ya khola. Njirazo zinali zitayeretsedwa kalekale, ana akuthamangamo opanda mantha. Komabe ndinafulumira n'kuwadutsa, kuti tsiku limodzi lokha ndiyende patsogolo ndine. Achimwene anazindikira. Anangonditsatira, chikwanje paphewa.

Mame anandinyowetsa nsapato za m'tauni, ndipo ndinakondwa nazo ngati mwana. Kenako tinafika pamphambano, pafupi ndi chulu. Ndinaima. Ndinayang'ana kumanja, ndinayang'ana kumanzere. Njira ya kumunda wa bambo anga sindinkaidziwa, chifukwa nthawi yonse ija ndinkangoyang'ana mapazi a amene ali patsogolo.

Achimwene anadikira pang'ono, kenako anandigwira paphewa.

"Tapatuka, ndidutse."

Ndinapatuka.