Wigi ya Amayi

Wigi ya amayi inkagona pachidole cha mutu wokhawokha, pamwamba pa kabati m'nyumba yathu ku South Bend, kutsidya kwa nyanja. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi m'nyengo yozizira imeneyo. Kupatula amalume, ndine ndekha ndinkadziwa kuti pansi pa wigiyo panalibe tsitsi ndi limodzi lomwe.

Amalume ankawatenga pagalimoto kupita nawo kuchipatala cha khansa ku Indianapolis, ndipo sukulu ikatsekera ndinkapita nawo. Pobwerera tinkaima m'mbali mwa msewu, amayi n'kumasanza pasinowo, madzi oundana aja ogwa ngati ufa, ine nditagwira wigi kuti isagwere m'masanzi. Inkakhala yofunda m'manja, ikununkhira mafuta a kokonati ndi thukuta.

"Usauze munthu," amayi ankatero. Abusa a mpingo wathu wa Amalawi ankaphunzitsa kuti kutchula matenda n'kuwaitana, wokhulupirira amangolankhula zochira. Ndiye Lamlungu amayi ankavala wigi n'kukaimba kwaya ngati munthu wabwinobwino.

Tsiku lina aphunzitsi a Sande sukulu anafunsa ngati alipo wofuna pemphero. Ndinakweza dzanja. Ndinkaona kuti ndekha Mulungu sakundimva, mwina tikachuluka atchera khutu. Ndinaulula zonse, za tsitsi ndi za masanzi zomwe.

Sabata isanathe azimayi akumpingo anadzaza nyumba. Anabwera ndi nkhuku yokazinga yomwe amayi sakanatha kumeza, ndi mayankho omwe palibe anawafunsa. Ena ati ndi mayesero. Ena ati mufufuze tchimo lomwe simunalape. Ena ati n'zakumudzi izi, abale ansanje. Amayi anangokhala pampando akuthokoza aliyense. Mpaka lero mtima umandiwawa ndikakumbukira zikomo ameneyo.

Alendo atapita, anavula wigi n'kundipatsa. "Kaike pachidole, mutu wanga upume." Sanaivalenso. Kuyambira pamenepo ankapemphera mutu uli mbee, akulira mokweza, akufunsa Mulungu kuti amulakwira chiyani. Ine ndinkamvetsera kukhomo, ndikudziuza kuti ndawaphera chikhulupiriro.

Anamwalira sinowo atayamba kusungunuka. Pamaliro, mmodzi wa azimayi aja anandigwira paphewa, misozi ili mbwe. "Mwanawe, pakamwa pamapha. Ukanangokhala chete." Ndinawakhulupirira, poti anali akuluakulu. Zaka zinayi ndinakhala osatchula dzina la munthu aliyense m'pemphero, kuopa kumupha.

Lero ndikudziwa kuti khansa simva zolankhula za mwana. Chifukwa chomwe inasankhira amayi sindichidziwa, ndipo amene amachidziwa msanga ndimawathawa. Koma masiku amenewo, nditaima pakhomo paja ndi wigi m'manja, sindikanatha kuzindikira kuti nyengo yonse ija amayi ankaimbira anthu, ndipo anayamba kulankhula ndi Mulungu tsiku lomwe ndinawaulula.