Ndani akuyang'ana kumsana kwa Tiyamike?

Lamulungu lina posachedwapa, ndikutsika minibasi ku Chilomoni kuchokera ku tchalitchi, foni inanjenjemera m'thumba. Anali Tiyamike, mwana wanga wachisamba, amene amagwira ntchito ya unamwino ku Joni. Anali atanditumizira kanema.

Ndinadikira kuti ndifike kunyumba, ndikhale pansi, ndivale magalasi.

Ndinaona ndege ili m'mwamba, chitseko chili chotsegula. Pakhomopo panakhala mtsikana, miyendo ili lende kunja, atamumangirira ndi malamba pachifuwa cha bambo wina wosamudziwa. Mtsikanayo anakweza dzanja ngati akutsanzika pa depoti. Kenako onse awiri anagwera pansi.

Masaya a mwana wanga ankakupiza ngati nsalu yoyanikidwa tsiku la mphepo. Iye n'kumaseka.

M'munsi mwa kanemayo analemba kuti: “Adadi, ndadumpha ndi parachuti. Ndikufuna kuphunzira kudumpha ndekha. Mukuti bwanji?”

Mawu omalizawo muwasunge, awerengi. Mayi wamkulu, wa ntchito yake ndi nyumba yake, wokhala kutali kumene diso langa silifika, anandifunsa kuti ndikuti bwanji. Panalibe chomukakamiza.

Ondidziwa amati sindifulumira kuyankhula. Ku mpingo nkhani ikavuta, ine ndimakhala womaliza kutsegula pakamwa. Koma tsiku limenelo ndinayimba foni jekete ndisanavule.

“Tiya, kodi kumeneko mitu imayenda bwino?”

“Adadi, imvani kaye. Kuli sukulu yake, kuli aphunzitsi.”

“Sukulu yophunzitsa anthu kugwa?”

Anaseka. Kusekako ndi kumene kunandipweteka. Ndinafunafuna mawu oti amutseke pakamwa, ndipo ndinawapeza pafupi.

“Amayi ako akanakhala moyo sukanachita zimenezi. Ndinaika kale munthu mmodzi m'manda. Ukufuna ndiikenso wachiwiri?”

Iye anangoti, “Chabwino adadi. Ndamva.”

Ndinavula jekete mtima uli m'malo, ndikuti ndapulumutsa mwana. Masiku otsatira mauthenga ake ankabwera monga mwa nthawi zonse. Mwadzuka bwanji, mwamwa mankhwala a bipi, mvula ikugwa kumeneko? Za m'mwamba sanazitchulenso.

Sabata ino lamba wa chikwama chimene ndimanyamuliramo Baibulo anaduka. Ndinapita nacho kwa Che Jafali, amene amasoka zikwama ndi nsapato pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika. Mkuluyu anali msilikali pa unyamata wake, wa gulu lija lodumpha m'ndege ndi zimene ife tili ana tinkazitcha maambulera. Amayenda motsimphina. Ndi Msilamu wosaphonya ku mzikiti, ndipo ine amanditcha Abusa, ngakhale ndinawauza kalekale kuti ndine mkulu wa mpingo chabe.

Ndinawaonetsa kanema uja. Ndinkafuna mboni. Ndinkati munthu amene ndege inamuthyola mwendo sangalephere kundivomereza.

Anaonera, ulusi uli kukamwa.

“Tabwezani pang'ono, Abusa. Asanafike pachitseko. Apo. Mwaona zimene mayi ali kumbuyoyu wachita?”

Kanema ameneyu ndinali nditamuonera mobwerezabwereza, koma mayiyo sindinamuonepo. Maso anga ankangokhala pa nkhope ya mwana wanga. Kumbuyo kwa bambo womangirira Tiyamike kunali mayi wina. Anatukula kachivundikiro ka chikwama cha kumsana kwa bamboyo, n'kusuzumira, n'kutsekanso, kenako n'kumumenya kambama paphewa.

“Parachuti imakhala kumsana,” anatero Che Jafali. “Kaya wadumpha kambirimbiri, kaya ndiwe bwana wa nyenyezi paphewa, kumsana kwako sungadzione. Ife m'ndege tinkaima pa mzere. Aliyense ankayang'ana mnzake wa patsogolo: chingwe chakola bwino, malamba a m'ntchafu sanapotoke, palibe chalendewera. Akakhutira, phaa paphewa. Mbama imeneyo isanabwere, phazi silisuntha.”

“Ndiye mukuti si zoopsa?”

“Wanena ndani? Mwendowu mukuuona ngati ndinathyokera ku gule? Mphepo inandiponya pa chitsa. Anthu amafa, Abusa, tisanamizane. Zida za masiku ano sindizidziwa bwino. Ife parachuti yapadera inkakhala pamimba, awa zonse ziwiri zili kumsana. Ndimamva kuti muli kachipangizo kamene kamatsegula yapaderayo munthu akakomoka. Ife tinalibe zimenezo. Tinali ndi Mulungu ndi mnzako wa kumbuyo.”

Anabaya singano, n'kukoka ulusi.

“Inuyo mwamuuza chiyani mwanayu?”

Ndinawauza zonse, osabisa.

“Mayi a Tiya ndimawakumbuka ine,” anatero. “Si omwe aja anakwera padenga chaka cha mphepo chija kukatsendereza malata ndi njerwa, inu muli pansi mwagwira makwerero?”

Anyamata a kabaza amene anabisala mvula pakhondepo anaseka. Inenso ndinamwetulira. Ndi zoona. Malemu mkazi wanga sankaopa msinkhu wa chinthu chilichonse. Akanaona kanemayo, mwina akanakalipa, koma akanamuoneranso kachiwiri mobisa, n'kukaonetsa amayi anzake a chigwirizano. Mantha anali anga. Ndinangowaveka chitenje cha malemu kuti mwana asathe kuwayankha.

Pondipatsa chikwama, Che Jafali anati, “Kuletsa mwaletsa. Nanga kumsana kwake mwayang'anako?”

Funso limeneli ndayenda nalo sabata yonse, ndipo ndikuona kuti si langa ndekha.

Ife makolo a m'matauni muno tili ndi chizolowezi. Mwana akabwera ndi chinthu chotiopsa, timati ayi, timakweza mawu, kenako timasamba m'manja ngati ntchito yatha. Sitifunsa kuti chinthucho chimayenda bwanji, ali nacho ndani, chikavuta amatani. Kufunsa timakuona ngati kuvomereza. Timati ndikangofunsa za chipewa choteteza mutu, aziti ndalola njinga yamoto.

Zotsatira zake mukuzidziwa. Mnyamata wa ku Bangwe amene mayi ake anamuletsa kabaza amayendetsabe njinga ya mnzake, koma chipewa sagula, chifukwa chipewa chikalowa m'nyumba chimuulula. Mtsikana wa ku Ndirande amene anamukaniza ulendo wa ku Joni amanyamukabe m'mamawa, osasiya dzina la womutenga, kapena la kumene akukafikira. Wa ku Zingwangwa amene akumanga banja ndi munthu amene makolo sakumufuna amasamukira komweko mwakachetechete, ndipo zikayamba kuwawa alibe khomo logogoda.

Onsewa adumpha. Kusiyana kwake n'kwakuti adumpha popanda mbama ya paphewa.

Tinawateteza kodi? Kapena tinangoteteza tulo tathu?

Ndipo ife amene tinaferedwa tili ndi ndodo ina yoposa zonse. “Bambo ako akanakhalapo.” “Amayi ako kumandako akulira.” Munthu wamoyo ungatsutsane naye, ungamunyengerere, mawa angasinthe maganizo. Wakufa sungamuyankhe. Mwana amangoti ndamva, n'kutseka chitseko cha mtima wake mwaulemu. Ulemu umenewo ndi umene umatipusitsa.

Akuluakulu anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imufotere yekha. Mwambi umenewu sindiuvomereza wonse pa nkhani ngati iyi. Nsatsi ikafota mwana amangolira, koma parachuti ikakana, kulira kumakhala kwa ena. Sindikunena kuti tizingoti chitani. Ndikunena kuti pakati pa kuletsa ndi kulekerera pali ntchito ina imene timaithawa chifukwa ndi yolemetsa: kuima kumbuyo kwa munthu amene akuchita chimene iwe sukuchifuna, n'kuyang'ana malamba ake.

Ena mwa abale anga mu mpingo adzati kudumpha m'ndege popanda nkhondo n'kuyesa Mulungu. Mwina akunena zoona, sindinafike potsimikiza. Koma ndaona akhristu okhulupirika akukwera njinga yamoto atatu, khanda lili pakati, mitu ili pamtunda, akutsika chitunda cha ku Chirimba mvula itagwa, atangoti Ambuye atitsogolera. Pamenepo sitinena kuti akuyesa Mulungu. Tinazolowera. Che Jafali amati iwo m'ndege aliyense ankapemphera m'chipembedzo chake, kenako n'kuyang'ana chingwe cha mnzake, ndipo palibe ankaona ngati chimodzi chikunyoza chinzake.

Lachinayi madzulo ndinamuyimbira Tiyamike. Mafunso anali atandipatsa Che Jafali.

“Tiya, parachuti imene umadumpha nayo amapinda ndani?”

Asanayankhe ndinaonjeza:

“Yapadera ija amaiyang'ana liti? Ndipo kodi unaonapo atabweza anthu chifukwa cha mphepo? Akuti malo amene sabweza anthu usapiteko.”

“Adadi,” anatero akuseka, “mwacheza ndi ndani?”

Kenako anamasuka. Anandiuza za wotchi ya pamkono yosonyeza kutalika kwa pamene uli, za chipewa chokhala ndi wailesi imene mphunzitsi amakulankhulira ali pansi, za tsiku lathunthu limene anakhala akuyeserera kukoka chogwirira cha parachuti yapadera mpaka mkono kuwawa. Anati kumalo odumphirako anthu amakhala ngati mudzi. Amabwera ndi ana, amawotcha nyama, mphepo ikakula amangokhala pansi n'kumacheza. Ndipo palibe amakwiya mnzake akamugwira lamba n'kumuuza kuti walakwitsa. Wongoyamba kumene angathe kuimitsa katswiri. Ndinakumbuka kuti wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo ndinadzifunsa kuti mwambi umenewu unasamuka liti kwathu kuno kupita kwa anthu odumpha m'ndege.

Mawu ake anali a Tiyamike amene ndinamulera, uja ankabwera kuchokera kusukulu nkhani zili m'kamwa chikwama asanatule. Ndinazindikira kuti masiku onsewa ndinkalankhula ndi namwino wondikumbutsa mankhwala, osati mwana wanga.

“Ndiye ukuganiza zoyamba liti?” ndinafunsa.



“Adadi, ndinayamba kale. Loweruka lapitali ndinadumpha ndi parachuti yangayanga. Aphunzitsi awiri anandigwira m'mbali mpaka nditatsegula. Sindinafune kuti bipi ikukwereni.”

Loweruka limenelo ine ndinali ku Machinjiri, ndikupalira chimanga m'kamunda kamene tinkalima ndi amayi ake. M'mawa uliwonse ndimapempherera ana anga mmodzimmodzi, kutchula dzina ndi chimene akukumana nacho. Tsikulo ndinamupempherera Tiyamike kuti akhale woleza mtima ndi odwala ake. Iye anali pakhomo la ndege.

“Tikukwera ndinachita mantha kwambiri,” anapitiriza motsitsa mawu. “Ndisanalowe m'ndege ndinagwira foni kuti ndikuyimbireni mundipempherere. Kenako ndinakumbuka zija munanena za amayi. Ndinangopemphera ndekha.”

Ndinayang'ana chithunzi cha malemu pakhoma, ndipo kwa nthawi yoyamba chitisiyireni ndinachita manyazi kuwayang'ana m'maso.

Kuletsa kwanga sikunamutsitse m'ndege. Kunangonditsitsa ine.

Ndinamupepesa pa za amayi ake. Ndinamuuza kuti mawu aja anali anga, ndipo malemu asawasenze. Ndinamuuzanso zoona, kuti mpaka pano sindikufuna azidumpha, ndipo sindikuganiza kuti ndidzafuna. Koma ndinamupempha chinthu chimodzi: kuti tsiku lililonse limene akukwera, andiuze.

“Ndiona, adadi,” anatero.

Sanati inde. Sindikumuimba mlandu. Lamba amene Che Jafali anandisokera ndi wolimba, koma pamene panaduka pakuonekabe.

Mawa ndi Loweruka. Foni ndaitchaja, ndipo ndikapalira ili m'thumba la shati, kuti ndiimve ikalira. Kaya ilira, kaya siilira, sindikudziwa.

Inu amene mwana wanu amakufunsanibe kuti “mukuti bwanji?”, musafulumire ngati ine. Ndipo inu amene munaletsa, mwana n'kuyankha mwaulemu kuti wamva, n'kusiya kuitchula nkhaniyo, mukudziwa kumene anali Loweruka lapitali?