Timabokosi ta Apongozi Anga

Ndinadzuka tambala asanalire, ngati kunali kudzuka, poti pamkeka pamenepo sindinagone. Azimayi a Umanyano, gulu la kutchalitchi, anali akuimbabe nyimbo za Chitonga, mawu atasasa. Choyamba ndinapapasa kumsana. Mwana analipo, akupuma.

Amene tinkaika tsiku limenelo anali apongozi anga aamuna. Ine kwathu n'ku Dowa, kuno ku Chintheche ndinabwera ndi banja. Mwamuna wanga anapita ku Joni mwana ali m'mimba, foni yake inasiya kulowa. Achibale ena ankanena poyera kuti ndibwerere kwathu, koma mwana atsale, ndi wa pamudzi pano. Amene ankawaletsa ndi omwe anali m'bokosiwo.

Kutayamba kuyera tinasonkha moto kuseri. Nkhuni zinali zonyowa, mwera ukuwomba kuchokera kunyanja, utsi wonse m'maso. Ndinkasefa ufa wa kondowole koma maso ali kwa alamu anga. Aliyense woyandikira kuti anyamule mwana, ndinkati mwanayo akudwala.

Adada, momwe ndinkawaitanira apongozi aamunawo, anagwira ntchito yoperekera zakudya pa loji ina ku Kande. Kumeneko ankatola nyuzipepala zosiya alendo, n'kuphunzira masewera a timabokosi takuda ndi toyera todzazamo mawu. Ankati funso lake limakuloza kumadzulo pomwe yankho lili kum'mawa. Chingerezi ine ndinachisiyira ku pulayimale, ndiye ankandipangira a Chichewa, akujambula timabokosi pamchenga pansi pa mango. "Umamera m'tchire, umakwera pamsika, zilembo zisanu ndi chimodzi." Ndinasokonezeka mpaka ndiwo zinapserera. Mtengo! Anaseka mpaka kutsokomola. Apongozi aakazi ankangotiyang'ana, n'kunena m'Chitonga kuti akulu awiri akusewera ndi dothi. Chichewa sankandiyankhula n'komwe.

Dzuwa litakwera anthu anadzaza mpaka m'munda wa chinangwa. Asodzi, aphunzitsi, anzawo akale a kuloji atavala malaya oyera. Bambo wina wogulitsa usipa, wachisilamu wa ku Nkhotakota, anapempha kuyankhulako.

"Mkuluyu wapita ndi ngongole ya yankho," anatero. "Anandifunsa: chimayenda ndi nyumba yake, chimadyedwa pa ulendo, ukachiuza munthu amayamba nkhani. Ndikati ndiuzeni, ankati ganiza, Shehe, mutu si wa chipewa chokha."

Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Kamba!" Anthu anaseka pamaliro, mpaka abusa anabisa nkhope. Ine ndinalira pamenepo kuposa m'mawa monse.

Popita kumanda kunawaza mvula. Njira inali yoterera, onyamula bokosi akusinthana, ife azimayi m'mbuyo. Dothi litayamba kugwera pabokosi, ndinamva mayi wina akunong'ona kuti wa ku Dowa uja nkhani yake ikambidwa mawa. Ndinamangitsa nsalu ya mwana mpaka analira.

Madzulo anthu anabalalika. Pabwalo panatsala mabenchi a kutchalitchi ndi mafuwa. Ndinalowa kukhitchini, ndikuganiza zothawa ndi minibasi yoyamba. Apongozi aakazi anandipeza momwemo. Anawerama paphulusa, n'kutola kanthu kakuda, kozizira, n'kundiikira m'dzanja.

Ndinaganiza kuti akuti ndisese, kapena ndi mwambo wothamangitsira munthu umene sindiudziwa.

"Mkamwana, mkazi wa mwana wanga," anatero, m'Chichewa chopindika, koyamba chibwerereni. "Ichi n'chiyani? Zilembo zisanu."

"Ndi makala, amama."

"Limodzi, iwe. Mwamuna wanga ankati uli ndi mutu."

Ndinawerenga pa zala. Khala. Ndinanenanso mokweza, n'kumva mawuwo akutembenuka m'kamwa mwanga.

"Ndi mwana yemwe?" ndinafunsa.

"Nanga ayamwa kwa ine? Mawa ndiwauza ndekha."

Anakhala pansi pafupi nane, n'kutambasula manja. Ndinamasula nsalu, n'kuwapatsa mwanayo. M'nyumba monse munali zii, kupatula kupuma kwake.