Zitsulo Zitatu Zimene Ndidaotcha ku Hatile

Ndiulule lero, poti amene akadandichotsa ntchito onse adatsogola kale: ine ndinkakhulupirira kuti magetsi ali ngati nkhuni. Musaseke msanga. Kusukulu ndidapondako, ndidalekezera Sitandade 2, ndipo ndinkadziwa kuti mu waya mulibe mitengo. Koma ndinkayesa kuti magetsi nawo amafuna kuwasonkhera kaye, akolere bwinobwino, kenako ndiye ubwere ndi madzi. Nanga ndani mwa inu adatereka madzi moto usanayake?

Zidachitikira ku Chegutu, m'zaka za m'ma fifite, tikadali kutchulako kuti ku Hatile. Ndinali nditatuluka mu mgodi ku Chakari chifukwa cha chifuwa, ndipo ndidapeza ntchito yochapa pa kahotela kena kufupi ndi njanji, komwe kunkagona ogula thonje ndi azungu a m'mapulazi. Ntchitoyo inali yabwino, koma chokoma chenicheni chinali kachipinda ka kuseri kwa hotelayo. Chifukwa cha kachipindako ndidaitanitsa mkazi wanga kuchokera kwathu ku Nyasalande, atandidikira zaka zinayi. Ntchito ikadatha, kachipinda kakadapita, ndipo mayiyo akadakwera sitima kubwerera kwawo.

Chaka changa chachiwiri, misisi, mwini hotelayo, adagula makina ochapira. Chinali chimgolo choyera cha miyendo inayi, pamwamba pake pali zofinyira zozungulira zimene zidandiluma chala ichi tsiku loyamba lomwe. Maswichi anali awiri: ina yotakasa zovala, ina yotenthetsa madzi, yokhala ndi kadiso kofiira. Pansi pa mgolowo, mkati, panali chitsulo chopindika ngati chikwakwa. Amati elementi, ndipo ndicho chimatenthetsa. Misisi adandionetsa kamodzi kokha, ali pa changu chopita ku tauni, basi sukulu yatha.

Ha, ndidanyada ine! Lamulungu ku komboni ndinkayenda ngati ndine ndidapanga makinawo. Anzathu achishona ankandikuwa kuti, "Achimwene, laisensi yake mwatenga?" Ine ndinkangowagwedezera chipewa.

Kachitidwe kanga kanali aka. M'mawa ndinkayatsa swichi yofiira ija mgolo uli gwaa, wouma, ndi kupita kukasonkhanitsa nsalu za pabedi. Pobwera ndinkawerama ndi kulavulira pa chitsulo chija, monga tinkachitira ndi simbi ya makala. Malovu akati tsiii, ndiye kuti moto wakolera. Pamenepo ndinkakhuthula ndowa yoyamba, nthunzi kuti phwaa mpaka kudenga, ine mtima mbee. Ndinkati palibe wochapa wina mu Hatile yense wodziwa kusonkha magetsi ngati ine.

Chitsulo choyamba chidafa pasanathe mwezi. A ku sitolo ya ku Gatuma, komwe lero mumati Kadoma, adabwera, nasintha, nati chidabwera chodwala kale kuchokera kutsidya la nyanja. Chachiwiri chitafa adati ndi madzi a kuno, ali ndi laimu wambiri. Ine ndidavomereza kwambiri, mpaka kuwatukwana madziwo. Chitafa chachitatu, misisi adaviika dzanja m'madzi ozizira aja, nandiyang'ana nthawi yaitali.

"Lo mashini yena mushe," adatero m'Chilapalapa chathu cha kumigodi. "Wena aikona mushe."

Ndiye kuti makina ndi abwino, woipa ndine. Adawonjeza kuti wokonza akapeza kuti ndi dzanja langa, Loweruka ndinyamule katundu. Adandipatsa kakalata, nandikweza sitima ya ku Gatuma.

Mzungu wa sitoloyo anali wotanganidwa, choncho adandipatsa mdala wake. Anali mkulu wachiyawo wa kofia yoyera, amene adanyamulira zipangizo mzungu wa magetsi mu mgodi zaka zambirimbiri mpaka adamposa nzeru. Nditamva chilankhulo chake ndidati apa ndapulumuka, ndi wakwathu. Mu sitima ndidamugulira chimanga chootcha.

"Madala," ndidatero, "inu ndi ine ndife amodzi kuno kuchilendo."

Iye adatafuna chimanga changa mpaka kumaliza, napukuta pakamwa. "Waya alibe mbale, mphwanga."

Titafika sadathamangire chitsulo ayi. Adayambira kukhoma. "Wodwala umamuyamba ndi pakamwa, polowera chakudya," adatero. Adayatsa swichi yotakasa, makina nayamba kuvina. "Wamva? Ndiye kuti fyuzi ili moyo, pulagi ili moyo. Amenewo tawamasula, apite kwawo." Adayatsa yofiira, kadiso kadayaka. Kenako adatsegula kachitseko ka kumbuyo, natulutsa m'thumba babu lokhala ndi timawaya tiwiri, nagusitsa pamene mawaya amalowera mu chitsulo chija. Babu lidati ngwee.

"Waona? Magetsi ayenda ulendo wonse, afika pakhomo, akugogoda. Mwini nyumba ndiye sakuyankha. Wamwalira."

Adazula pulagi, namasula chitsulocho, nachitengera padzuwa.

"Ndi laimu, madala," ndidafulumira ine. "Madzi a kuno ndi oipa zedi. Ngakhale tiyi sakoma."

Adachikanda ndi chikhadabo, nachinunkhiza. "Chophedwa ndi laimu chimatuwa ngati miyendo ya munthu wosadzola. Ichi chada bii, chatuluka matuza. Ichi chafa ndi ludzu."

Sindidamve chimene ankatanthauza, ndiye ndidangoseka kuti ndimusangalatse. Mdala adamanga chitsulo chatsopano, natembenuza ndowa, nakhalapo, natulutsa fodya wake wamphuno.

"Chapa tsopano, monga umachitira masiku onse. Ine kulibe."

Apa ndidati mdala aone luso. Ndidapinda malaya, ndidayatsa swichi yofiira, ndi kuima chapatali manja kumbuyo ngati kapitawo. Nditawerama kuti ndilavule, mdala uja, amene mu sitima ankadandaula za mawondo, adalumpha ngati mbawala. Swichi thi! Fodya mbwee pansi.

"Ukutani, iwe?"

"Ndikusonkha, madala. Kuti akolere."

"Akolere chiyani?"

"Magetsi."

Adandiyang'ana, nayang'ana chitsulo chakufa chija, kenako adayamba kuseka. Adaseka mpaka kofia idagwa, mpaka adatsamira khoma akutsokomola. "Zitatu!" ankatero. "Mayo ine, zitatu! Ndipo ife ku Gatuma tikunamizira madzi a Mulungu!" Atapuma adandikoka khutu ngati mwana. "Tamvera. Moto wa chitsulo ichi umakhala m'madzi. Madzi ndiwo amaulanda kutentha. Ukauyatsa pouma, usowa wompatsa, ndiye umadzidya wokha."

Pamenepo ndidazindikira kuti wopha zitsulo zija ndine. Nsapato za misisi zinkamveka kale pakhonde.

"Madala, mkazi wanga wangobwera kumene. Nenani za laimu, chonde."

"Bodza sindinena, ndine munthu wa mzikiti. Adakuphunzitsa makinawa ndani?"

"Misisi."

"Kangati?"

"Kamodzi."

"Tseka pakamwa pako pamalovupo."

Misisi atalowa, mdala adavula kofia, nadzichepetsa ngati sadziwa kanthu. Adati iye ndi wokalamba, makina a masiku ano amamuzunguza, kodi misisi sangamuonetseko mmene amayatsira, monga adaonetsera wochapayu? Misisi adapumira m'mwamba, nayandikira mgolo wopanda ndi dontho lomwe.

"Namba wani," swichi yofiira thi. "Namba thu," yotakasa thi. Kenako adaloza ndowa ya madzi. "Manzi."

Mdala adatambasula dzanja, nazimitsa mwaulemu, ndipo adaika chitsulo chakupsa chija pa tebulo patsogolo pake. Adangoti, "Manzi namba wani, misisi."

Misisi adayang'ana chitsulocho. Ndidaona khosi la misisi likufiira, kufiirako kukukwera mpaka m'makutu. Ndidati basi, tonse awiri tathera pano. Koma misisi adakhala pa dengu la zovala zakuda ndi kuyamba kuseka, akudzimenya pachipumi. Adati tsiku lija adandionetsa pouma chifukwa anali atavala nsapato za ku tauni, sadafune kuzinyowetsa, ndipo ankayesa kuti aliyense amadziwa. Adatuluka, nabwera ndi kabotolo ka utoto wofiira wa zikhadabo zake, najambula mzere mkati mwa mgolo. Adati madzi asanafike apa, swichi osaikhudza. Za Loweruka sadazitchulenso.

Za malovu mdala sadanene, Mulungu amuone bwino kumene aliko. Koma popita ku siteshoni, ine nditamusenzera bokosi, ankati tikayenda pang'ono aima, nati "tsiii," ndi kuyambanso kuseka. Ngakhale sitima itanyamuka adatulutsa mutu pawindo kuti andichitirenso kamodzi.

Nkhani pa hotela imathamanga kuposa mwini wake. Pamene ndinkalowa m'kachipinda kathu madzulo, wophika anali atafotokoza kale zonse, mwinanso ndi zowonjezera. Ndidayamba ine kulongosola za fyuzi, za pulagi, za mmene ine ndi mdala tidapezera vuto. Mkazi wanga adandisiya ndilankhule mpaka ndidatopa. Adandipatsa madzi osamba m'manja, nandiikira nsima, imene kumeneko amati sadza, ndipo akuseka chamumtima adati:

"Abambo, miyezi yonseyi mwakhala mukundiphunzitsa za magetsi ngati mudawabala ndinu. Mukadangonditengako tsiku limodzi ndikaone. Ine sukulu sindidapite, koma mphika wopanda madzi sindidausiyepo pamoto. Idyani sadza, ndipo ketulo yangayo musaiyandikire."