Ndinafufuta Mawu a Amuna Anga Ndili pa Eda

Inu owerenga, ine ndinalakwa ndipo sindikubisa. Koma musafulumire kuganiza kuti ndikunena mlandu uja anthu a kwa Mponda ananditafuna nawo miyezi itatu. Umenewo ndimaukana mpaka lero, ndipo ndidzaukana ngakhale pamaso pa Mulungu. Kulakwa kwanga n'kwakuti ndinafufuta ndi chala changa mawu onse amene malemu amuna anga anandisiyira mu foni, pofuna kusangalatsa anthu amene sanasangalale n'komwe.

Amuna anga ankachita geni yokatenga zitenje ndi mafuta ophikira ku Chiponde pa njinga yamoto, n'kumadzagulitsa m'tauni ya Mangochi. Kulemba pa foni sankakukonda. Ankati zala zawo n'zonenepa, zimadina zilembo ziwiriziwiri. Ndiye chilichonse ankachita kujambula mawu n'kunditumizira. Akafika pa boda, mawu. Mvula ikawatsekereza pa Namwera, mawu. Nthawi zina ankangoimbira mwana wathu Asiyatu tinyimbo topanda mutu, tongopeka okha ali panjira. Foni ikadandaula kuti yadzaza ndinkafufuta zithunzi za anthu ena, koma mawu awo osawakhudza.

Anamwalira pa ngozi potsika mapiri a ku Chowe. Titaika maliro ine ndinalowa eda. Kwa inu amene si Asilamu, eda ndi nthawi ya miyezi inayi ndi masiku khumi imene mkazi wamasiye amakhala pakhomo, osadzikongoletsa, osayendayenda, osakhala pamodzi ndi amuna achilendo. Ine ndinalowa ndi mtima wonse, palibe anachita kundikankha. Koma ndikuuzeni zoona, anthu opepesa akabalalika nyumba imakula. Asiyatu anali ndi zaka zinayi, ndipo ankati akafunsa za bambo ake ndinkamuyatsira kanyimbo kamodzi, iye n'kumagona. Nanenso masana ndinkamvetsera mawu amodzi kapena awiri, osapitirira, kuopa kuti mtima ungazolowere.

Sabata yachitatu ya eda, pulogalamu ya mu foni imene timachezerapo ija inakana kutseguka, ati ndiyambe ndapanga apudeti. Ndinapanga. Itatseguka zinali ngati ndalowa m'nyumba mwanga n'kupeza munthu wasuntha katundu yense osandiuza. Zimene zinali pamwamba zinapita pansi, mitundu inasintha, mabatani amene anali ndi mawu anasanduka tizithunzi topanda dzina. Amene amapanga zinthuzi satifunsa ayi. Iwo akatopa ndi maonekedwe akale amangosintha, osadziwa kuti kuno kuli mayi amene anaphunzira foni pongoloweza malo, ndipo chala chake chimapita chokha pamene chinazolowera.

Mu foni imeneyo munali kanema wa chaka chapitacho, pa ukwati wa mwana wa alamu anga. Ndinkavina ndi amayi anzanga, nditavala diresi yofiira, m'manja nditapaka utoto wokongoletsera wa hina. Amene ankajambula anali amuna anga. Nkhope yawo sinkaoneka, koma ankamveka akuseka mpaka foni kugwedera, akundinena kuti ndikuvina ngati bakha. Ine kanemayo sindinkamuonera kuvinako. Ndinkafuna kuseka kwawo basi.

Tsiku limenelo nditatha swala, pemphero lathu la masana, ndinamuonera kawiri, kenako ndinati ndimuike chizindikiro kuti ndisamavutike pomufuna. Chala chinapita pakona pamene panali batani losungira kuyambira kale. Sindinawerenge, sindinayang'ane n'komwe, m'maso munali misozi. Kani pakona pamenepo anali ataikapo batani loika zinthu pa sitetasi, pamene aliyense amene ali ndi nambala yako amaona. Posakhalitsa bandulo yanga inatha, ine n'kuika foni pansi kukachapa.

Ndinagula bandulo ina mawa lake chakumasana. Foni inalira mosalekeza ngati yagwidwa ndi mutu waukulu. Mauthenga anali mbwee. Ena ankafunsa ngati ndili bwino m'mutu. M'gulupu ya amayi a m'dera lathu wina analemba kuti amasiye a masiku ano sachedwa kupukuta misozi. Wina anawonjezera kuti mwina ngozi ija inali ndi mwini wake. Ndinathamangira kuchotsa kanemayo koma madzi anali atatayika kale, anthu anali atamukopera n'kumatumizirana. Palibe ngakhale mmodzi amene anaimba kundifunsa. Ndipo ine sindikanatha kutuluka kukadziyankhira, ndinali pa eda.

Madzulo a tsiku lomwelo kunabwera alamu anga awiri, achimwene awo aakulu a malemu ndi achemwali awo. Aamunawo anakhala pakhonde n'kumalankhula kudzera pachitseko, aakaziwo analowa.

“Alamu, mwatichititsa manyazi,” anatero aamunawo. “Dothi kumanda silinaume, inu mukuvina pa foni dziko lonse likuona.”

Ndinafotokoza zonse mwaulemu. Ndinati kanemayo ndi wakale, wa pa ukwati wa mwana wawo yemwe, ndipo akayang'anitsitsa adziona okha kumbuyo kwanga akulimbana ndi mbale ya mpunga. Sanaseke. Anati zakale kaya zatsopano, wamasiye sagwira foni. Anandipatsa zosankha ziwiri. Ndiwapatse foniyo akaisunge mpaka eda ithe, apo ayi arubaini, sadaka ya tsiku la makumi anayi ija, aichotsa pakhomo panga akachitire kwa apongozi anga cha ku Malindi.

Inu owerenga, mumvetse pamene anandipanira. Arubaini ikanachitikira kutsidya ku Malindiko, ine sindikanapita. Anthu akanasonkhana kupempherera amuna anga, mkazi wawo ndili ndekha kuno ngati wothamangitsidwa. Komanso foni sindikanawapatsa. M'mawu aja munali za m'chipinda, maina amene ankanditchula tili awiri, ngakhalenso madandaulo awo pa abale awo omwewa. Ndinkawadziwa achemwali awo aja, akanamvetsera mawu onse mpaka batire kutha, mawa lake nkhani n'kufika ku msika.

Mtima unandipsa. Ndinati ngati vuto ndi zimene zili mu foni, ndizichotsa zonse iwo akuona, koma arubaini isachoke pakhomo pano. Aamunawo anavomera pachitseko pomwepo, anati zikatero nkhani yatha. Ndinatsegula pamene amafufutira chilichonse kuti foni ibwerere ngati yatsopano. Inandifunsa kawiri ngati ndatsimikiza. Makina anandifunsa kawiri, inu, pamene anthu sanandifunse ngakhale kamodzi. Ndinadina ndi ukali, ndikudziona ngati ndawapambana. Ndinkaganizanso kuti zinthu za pa intaneti sizitayika, kuti eda ikatha ndidzazipeza kwinakwake.

Kutatsala masiku awiri kuti arubaini ichitike, kunabwera galimoto kudzatenga mapoto aakulu amene tinabwereka pa maliro. Amene anabwera nayo anati akuluakulu akambirana, aona kuti pakhomo panga pali phokoso, anthu sangabwere ndi mtima umodzi. Sadaka inakachitikira ku Malindi. Ine ndinaphika mpunga wa anthu awiri, ndinawerenga duwa, pemphero limene ndimalidziwa, Asiyatu ataika manja m'mwamba pambali panga. Atatha kudya anandipempha kanyimbo ka bambo ake. Ndinayesa kumuimbira ndekha, iye anati si choncho, n'kutembenukira kukhoma.

Eda itatha, ulendo wanga woyamba unali kwa okonza mafoni. Ndinayenda mashopu atatu. Onse anandifunsa funso limodzi, ngati ndinkasunga zinthu zanga kwina kupatula mu foni momwemo. Sindinkasunga. Foni inkandikumbutsa kawirikawiri, ine ndinkakana poopa kutha bandulo. Anapukusa mitu. Ndinapitanso kwa mayi wina wophunzitsa pa madrasa, munthu wowerenga, n'kumufunsa ngati chipembedzo chimaletsa wamasiye kugwira foni kapena kumva mawu a mwamuna wake. Anandiyang'ana modabwa, anati iye sanawerengepo zimenezo paliponse. Ndinatsanzika n'kutuluka. Lamulo limene ndinaperekera chuma changa chonse linali la alamu anga, osati la Mulungu.

Patapita miyezi ingapo apongozi anga anadwala. Mayi aja sanandilankhulepo choipa chilichonse, zonse ankangomva kwa ana awo. Tsiku lina m'mawa ndikusesa, ndinaona alamu aamuna aja atsika pa kabaza. Anapereka salamu yaitali, anafunsa za mwana, za nkhuku, za mvula, uku akuzunguza chipewa m'manja. Kenako anafika pa chimene anabwerera.

“Alamu, amayi sakudya. Akungotchula mwana wawo. Achimwene aja ife ankangotiimbira, sanatisiyire kanthu. Inu ankakutumizirani mawu. Mwina pali kamodzi kanatsalako, tikawayatsire amayi.”

Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga foni, ndinaiika m'manja mwawo. Ndinati, “Nayi, alamu. Munkaifuna kuti mukaisunge. Fufuzani nokha, mukapeza mundigawireko nanenso.” Anaiyang'ana nthawi yaitali osaidina, kenako anaiika pa mpando n'kutsanzika. Kwa apongozi ndinapita ndekha mawa lake, ndinakawasambitsa, ndinakhala nawo mpaka anachira. Koma alamu aja sindinawapepese, ndipo sindidzawapepesa. Amene akudikira kuti ndidzagwade chifukwa cha kanema uja adikire, mawondo anga ndi a pa swala.

Anthu ena amandiuza kuti nditaye foni chifukwa ndi imene inandibweretsera mavuto. Sinditaya. Ndimagulitsirapo zitenje, ndikulera mwana ndi foni yomweyo, ndipo ndili m'magulupu onse amene anandinyoza, ndimawapatsa moni m'mawa uliwonse.

Langizo langa ndi ili, makamaka kwa inu amayi anzanga. Foni ikasintha maonekedwe musadalire chala, werengani musanadine, ndipo ngati m'maso muli misozi ingoiikani pansi. Mawu a anthu amene mumawakonda asungeni pawiri, bandulo ndi yotsika mtengo kuposa chisoni. Koma chachikulu, anthu akakuuzani kuti muwononge chanu kuti akukhululukireni, kanani, ngakhale akhale pakhonde mpaka mawa. Atukwane, atopa okha. Anthu a kwa Mponda za ine anaiwala kalekale, pano akutafuna wina. Amene ndatsala ndi ntchito ndine, yokumbukira mmene amuna anga ankalankhulira kuti ndizimuuza mwana, ndipo mwezi uliwonse ndikumapeza kuti penapake pachoka m'mutu mwanga.