Duwa la m'chitini cha mafuta

Mayi Effie a ku Budiriro, mumzinda wa Harare, sanabadwe ndi dzanja la maluwa. Bambo awo anachoka ku Dedza kudzagwira ntchito m'fakitale ku Harare, ndipo anaphunzitsa ana awo kuti chomera chosadyedwa ndi udzu basi. Mayiwa anakula nazo zimenezo mpaka kukwatiwa, mpaka kuika mwamuna m'manda. Pageti pawo pamakhala tebulo la tomato ndi repu, kuseri mizere ya anyezi. Madzi a pampopi kumeneko amabwera ngati mlendo, ndiye munthu wosenza ndowa kuchokera kumjigo angathirire bwanji masamba ongokongoletsa nyumba?

Vuto linabwera ndi neba watsopano, Mai Tinotenda, Mshona wa mano oyera ndi moni wautali. M'nyumba mwake munali ngati m'nkhalango: maluwa pawindo, pa kabati, ena olendewera kudenga. Zimenezo Mayi Effie akanaziseka n'kuiwala. Koma Tisungeni, mwana wawo mmodzi yekhayo, mtsikana woti wamaliza kale sukulu, anayamba kuswera komweko. Ankabwera madzulo zikhadabo zili bii ndi dothi, pakamwa pali Mai Tino yekhayekha.

"Mai Tino akuti duwa likapanikizika mizu umalisamutsa. Mai Tino akuti..."

"Mai Tino akuti, Mai Tino akuti! Kodi anakuberekayo ndi Mai Tino?"

Anthu amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma Mayi Effie ankaona kuti nebayu wautengera pamgong'o mwambiwo. Akamva awiriwo akuseka m'Chishona kuseri kwa mpanda, mtima unkawawa mpaka tomato ankamuunjika mokwiya. Inali nsanje, ndipo iwo ankadziwa.

Choncho anaganiza zokhala ndi duwa lawolawo, kuti mwana aziona chochita kwawo. Kupempha ndiye ayi, bola kufa. Komanso amayi kumjigo ankanena kuti duwa lopempha siligwira, logwira ndi lakuba. Tsiku lina akubweza sefa kwa nebayo, mayi wa Mvano wathunthu anathyola kanthambi ka duwa loyanga ngati mbatata n'kukabisa m'chitenje.

Anakabzala m'chitini chachikulu cha mafuta ophikira, m'dothi la katondo lokumba kuseri, n'kulitsindira ndi chibakera kuti kasagwe. Chitinicho sanachiboole, poti madzi osenza pamutu sangamangotayika pansi. Anachibisa kuchipinda kuti adzachionetse chitakongola. Ankathirira m'mawa ndi madzulo, tsamba likafota n'kuwonjezera kapu ina. Kanthambiko kanayesetsa ndithu, kanatulutsa masamba angapo, kenaka onse anasanduka achikasu n'kugwetsa nkhope.

Tisungeni anachipeza akusesa. Sanafunse kumene kanachokera, anangoyang'ana amayi ake pang'ono, n'kukazula. Mizu inali yakuda, yonunkha ngati m'ngalande.

"Amayi, mwalimiza. Mizu imafunanso mpweya. Mwalikonda mopitirira muyeso."

Mayi Effie anayembekeza kuti anyamula chitini kupita nacho kwa aphunzitsi ake. Koma mtsikanayo anakhala pansi pakhonde n'kupempha msomali ndi mwala. Anaboola mabowo pansi pa kachitini kakang'ono, nasakaniza dothi ndi mchenga ndi manyowa owolerana, nadula mizu yowola ndi lezala. Uku akugwira, uku akulongosola m'Chichewa chake chothyokathyoka: chitini chizikula pang'onopang'ono pamodzi ndi duwa, liziona kuwala koma osati dzuwa la masana, muzipisa chala m'dothi, mukamva chinyezi musathire. Tsiku limenelo anaswera pakhomo mpaka dzuwa kulowa. Mayi Effie sanagulitse ngakhale mulu umodzi, koma sanadandaule.

Pasanapite nthawi Mai Tinotenda anamupezera Tisungeni ntchito pamalo ena ogulitsa maluwa ku Waterfalls, yogonera komweko. Anthu anabwera kudzawauza Mayi Effie kuti ali ndi neba wagolide. Iwo anavomera ndi pakamwa pokha.

Duwa lija linachira, linayanga mpaka kuzungulira windo. Ndipo mayiwa anazindikira kanthu. Akatumiza chithunzi chake pafoni lili lobiriwira, mwana amangoyankha kuti zili bwino, Lamlungu n'kudutsa osaoneka, kapena n'kufikira kwa neba. Koma tsamba limodzi likangochita chikasu, mwanayo amatsika kombi, minibasi ya kumeneko, molunjika pageti pawo.

Lero Mayi Effie amadziwa zonse za duwalo, kuposa mmene mwana wawo akuganizira. Pakati pa sabata amapisa chala m'dothi, amamva chinyezi bwinobwino. Amaima kaye, kapu ili m'manja, kumvetsera Mai Tino akuimba kuseri kwa mpanda. Kenaka amathira.