Tsiku Limene Mbande za Achimwene Zinapita Kumanda

Ndinadzuka kusanache, msana uli gwa chifukwa chogona pamkeka. Amayi a kwaya amene anachezera kuimba pa maliro a achimwene anga anali atatheratu, nyimbo ikungotulukira m'mphuno. Kunja kunali chifunga chathu cha ku Lichinga, chija cholowa m'mafupa. Ndinatuluka kuti ndikasonkhe moto, ndipo nditangotsika pakhonde ndinaponda mbande.

Pabwalo la achimwene ku Namacula panalibe poponda. Iwo analembedwa ntchito ndi pulojekiti ya boma yobzala mitengo m'mbali mwa kamtsinje ka kumunsi kwathu, kamene magombe ake amagumuka chaka ndi chaka. Anawauza kuti afese mibawa, mikuyu ndi katope m'timapepala takuda, galimoto idzatenga mvula ikayamba. Kenako tinamva kuti boma ladula ndalama. Ofesi inatsekedwa, galimoto sinabwere, anzawo onse anabwerera ku minda yawo ya mbatata. Achimwene okha, munthu wamakani chibadwire, anapitiriza kuthirira m'mawa ndi madzulo, ati galimoto yangochedwa. Atadwala, kheni yothirira inagwera mkazi wawo, alamu anga. Ankathirira akutukwana kuti mbandezo ndi mkazi mnzawo.

M'mawa umenewo nkhuni zinali zonyowa, nyemba zikukana kupsa. Amayi ophika anayang'ana chisakasa cha nazale, mitengo yake youma bwino, kenako anayang'ana alamu. Alamu anati zulani. Ine mtima unandipweteka, sindibisa. Ndinkadziwa kuti maliro akatha alamu abwerera kwawo kunyanja, mbande zija zitsala za mbuzi, ndipo thukuta lonse la achimwene lithera pomwepo.

Kutayera anthu anayamba kukhamukira. Ena anatsika chapa, minibasi zathu zija, kuchokera ku Sanjala, ena pa njinga zamoto, ndipo Asilamu a kwawo kwa alamu anafika ndi mikanjo yoyera imene matope athu anailonjera nthawi yomweyo. Pokhala panasowa. Amuna ananyamula mbande zonse n'kukazindandalika kunja kwa chipata, uku ndi uku, mwadongosolo ndithu.

Kwathu kuno maluwa a maliro amaikidwa pachipata, ndipo aliyense popita kumanda amatenga limodzi kuti akazike pamtumbira. Maluwa athu anali m'beseni kuseri kwa chitseko, amene anapatsidwa udindowo atawaiwala. Bokosi litakwezedwa pa lole, mkulu wina wa mpingo, wa suti yakuda, anafika pachipata, anayang'ana uku ndi uku, n'kuwerama kutola m'bawa. Basitu, palibe anafuna kuoneka wopanda kanthu m'manja. Asilamu aja anaganiza kuti ndiwo mwambo wa mpingo wathu, natola mwaulemu. Ngakhale bwana wakale wa pulojekiti, amene naye ntchito inamuthera ndipo pano amagulitsa makala, ankadziwa bwino chimene chinali m'timapepalamo, koma manyazi anamugwira, anatenga ziwiri.

Ine ndinali kutsogolo, nditagwira alamu mkono. Nditacheuka ndinaona nkhalango ikutitsatira, ikuimba nyimbo ya maliro.

Pamtsinje lole inaima. Mvula ya dzana inali itagumula gombe, njira yonse itapita ndi madzi. Amuna anapatsira akazi mbande zawo, anapinda mabuluku, n'kutsika ndi bokosi m'matope akuterereka. Achimwene anatha chaka akuuza aliyense kuti gombe limenelo lidzagwa, anthu n'kumawathawa. Tsono anali pamapewa pa anthu omwewo, madzi ali m'maondo. Ndinabisa nkhope m'chitenje, phwete likundigwedeza mapewa, ndipo amayi awiri anandigwira n'kumanditonthoza kuti ndilimbe mtima.

Kumanda zonse zinayenda bwino mpaka dothi litaunjikidwa. Woyendetsa mwambo ataitana maluwa, khamu lonse linasuntha. Mkulu wa adzukulu, okumba manda aja, anapingasa fosholo.

"Iyi ndi mibawa, abale," anatero. "Mizu yake idzafukula onse agona muno."

Chinthu chonyamulira malemu sutaya pansi, komanso chimene chalowa kumanda subwerera nacho kunyumba. Aliyense anaima ndi kamtengo kake pachifuwa ngati khanda, maso ali pa alamu. Iwo anapukuta m'maso, n'kuyankhula ndi mawu osasa.

"Amuna anga anafesera kumtsinje zimenezo. Kazisiyeni komweko, nane ndipume."

Tinabwerera kumtsinje, adzukulu ali patsogolo ndi makasu awo. Anakumba maenje tsidya lino ndi tsidya lija, aliyense n'kugwada kubzala yake. Mkulu wa suti uja anagwada m'matope osadandaula, poti ndi iye anayambitsa. Bwana wa makala anakumbukira mwadzidzidzi ntchito yake yakale, anayamba kuyeza mipata ndi mapazi ndi kulamula anthu, mpaka mayi wina anamufunsa ngati mitengoyi akuisungira uvuni wake. Eni madimba amene amalima mpaka m'madzi ankang'ung'udza chapansipansi, koma maliro sakanizidwa. Tikumaliza, kamvula kanayamba kuwaza. Ngati yonse idzaphuke sindidziwa, mbuzi za ku Namacula sizidziwa zamaliro.

Kunyumba madzi osamba m'manja pachipata anasanduka phala la matope, tinachita kutunga ena. Nyemba zinali zitapsa bwino, chisakasa chinagwira ntchito. Beseni la maluwa lija tinalipeza posesa.

Madzulo anthu atabalalika nyumba inangoti zii. Bwalo linaoneka lalikulu ngati la eni ake ena, pansi pali timadontho tozungulira pamene panakhala timapepala tija. Ndinakhala pakhonde ndi alamu. Dzuwa litapendeka iwo anadzuka monga mwa masiku onse, anadzaza kheni pamgolo, n'kuyenda mpaka pakati pa bwalo. Pamenepo anaima. Kenako anapendeketsa kheni ija n'kuyamba kuthirira dothi lopanda kanthu, mzere ndi mzere, pang'onopang'ono, ndipo sanatukwane.